Msuzi wa pho watuluka wa mbuu, mlendo afika Loweruka

Wosadzitchula: Abale ndithandizeni. Bambo akunyumba aitana mnzawo wakuntchito wochokera ku Vietnam Loweruka lino, ndipo amuuza kale kuti ine ndimatha kuphika pho, chakudya cha kwawo cha manudozi a mpunga mu msuzi wa mafupa a ng'ombe. Ine osandifunsa. Dzulo ndayesa, msuzi watuluka wa mbuu, fungo ngati la kubutchala. Nyama yomwe ndinasunga alamu anga awotcha usiku osapempha, munthu anabwera kudzacheza pa Khirisimasi mpaka lero. Makala nawo akwera. Ndalakwitsa pati?

Mayi wa ku Area 25: Mwaphika bwanji kodi? Mafupa munayamba mwawawiritsa n'kutaya madzi oyambawo?

Mkulu wa ku Nkhotakota: MAVUTO OFUNA DALA! Fish sauce wawoyo, madzi a nsomba amene amathira mu pho, ndi usipa basi. Sinjani usipa, thirani, nkhani yatha.

Wophika wa ku Tete: Akulu, ayi. Ku Phu Quoc, chilumba cha ku Vietnam, tinsombato amatithira mchere m'migolo ya matabwa, timakhala pafupifupi chaka, ndiye amatcheza madzi ake. Usipa wosinja udetsa msuzi. Achemwali, mafupa awire mphindi 10, tayani madziwo, tsukani mafupa ndi poto yemwe. Anyezi ndi jinja muwotche pamakala mpaka zide kunja. Kenako moto wochepa maola 6, muziwengula thovu. Ukabwadamuka wadera.

Mkulu wa ku Nkhotakota: Chaka chathunthu kudikira nsomba iwole? Ife kunyanja timadya tsiku lomwelo. Ndiye maola 6 makala agule ndani?

Mtsikana wa ku Joni: Nkhani apa ndi mlamuyo. Wanga anatha chaka, pochoka ananyamula ndi ayironi yomwe. Muthamangitseni.

Agogo aakazi: Mwana iwe, za m'banja sitiyanika pagulu. Mlendo mphikire nsima ya chambo, kwawo pho anadya kale.

Mkulu wa ku Nkhotakota: AGOGO ANENA ZOONA. Koma usipa ukhalepo.

Mnyamata wa ku Blantyre: Ine ndinaika star anise, zonunkhiritsa zooneka ngati nyenyezi zija, wodzadza dzanja, nyumba yonse kununkha mankhwala, ndi galu yemwe anakana. Ziwiri zitatu zakwana, sinamoni kamtengo kamodzi, muzikazinge kaye popanda mafuta. Manudozi a mpunga muphike padera, asalowe mumphika wa msuzi.

Wophika wa ku Tete: Funsaninso kuti mlendoyo kwawo n'kuti. A ku Hanoi, kumpoto kwa Vietnam, amakonda msuzi woyera wopanda zambiri, anyezi wamasamba basi. A ku Saigon, kumwera, amafuna wotsekemerako, masamba a basil, mphukira za nyemba, ndimu ndi tsabola pambali. Makala akavuta phikani wa nkhuku, sutenga nthawi ngati wa ng'ombe.

Mkulu wa ku Nkhotakota: Inu a ku Tete mwakhala kazembe wa Vietnam liti?

Mayi wa ku Area 25: Funso langa lija simunayankhe. Madzi oyamba munataya? Tomato simunaikemo?

Wosadzitchula: Zikomo nonse. Alamu aja awona positiyi, akuti achoka mwezi wamawa koma ndiwapezere thiransipoti.