Alimi akukana ngonyeka chichitikireni Freddy, tiwauze chiyani?

Nangozo, Lunzu

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikukonza minda yachitsanzo ndi alimi otsogolera, koma kalabu ina kuno yakanitsitsa kuika ngonyeka, timizere topingasa tija totseka madzi pakati pa mizere. Akuti mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, madzi anadzadza pakati pa mizere, ngonyeka nkuyamba kuphulika motsatizana, mizere inaduka, ndipo pena pali chigwembe mpaka lero. Chaka chotsatira cha El Niño anasiya mizere yosatseka, ng'amba ya mu Febuluwale inawapeza alibe chinyezi, chimanga chinauma chikumasula. Ndikawakumbutsa za 2024, iwo akundikumbutsa za 2023. Mayi wina wachita kundifunsa pagulu kuti, "Alangizi, madziwa tiwasunge kapena tiwathamangitse? Sankhanipo chimodzi." Inu kwanuko mukuwayankha bwanji?

Che Mbwana, Lirangwe

Achemwali, kuno funso limenelo silivuta. Kwathu nkotentha, mvula imachedwa ndipo imathawa msanga. Pa zaka zambiri chimene chimatipha ndi ng'amba, namondwe amabwera mwa apo ndi apo. Ine ndimawauza kuti atseke basi. Wosatseka mizere ku Lirangwe akusewera ndi nkhokwe yake.

aPhiri, Kunthembwe

Che Mbwana, mwafulumira. Tifunse kaye. Mayi Nangozo, minda inadukayo ndi yotsetsereka? Akalozera, mizere ikuluikulu yoyezedwa ija imene mizere ina imatsata, alipo? Nanga ngonyeka zawo zimafika pati poyerekeza ndi mzere?

Nangozo, Lunzu

Yotsetsereka ndithu, ili m'mbali mwa kaphiri. Akalozera analipo kalekale, pano sakuonekanso, mizere amangoyendetsa mmene khasu lafunira. Ngonyeka amaunjika mpaka kulingana ndi mzere, ena kupitirira, akuti madzi asapulumuke ndi dontho lomwe.

aPhiri, Kunthembwe

Ndiye mlandu si wa ngonyeka. Taonani mmene zimachitikira. Mzere ukapanda kutsata kalozera, umakhala ndi malo otsika. Madzi onse a mzere umenewo amakasonkhana pamalo otsikawo. Ngonyeka ikalingana ndi mzere, madzi akadzadza alibe kolowera, ndiye amalumpha mzerewo. Akalumpha umodzi amakagwera m'munsi momwe mwadzadza kale, wachiwiri nawo uduka, wachitatu, mpaka kumtsinje. Chigwembe chimabadwa choncho, tsiku limodzi.

Ngonyeka izikhala yofupikirapo, kufika cha pakati pa msinkhu wa mzere kapena kupitirira pang'ono. Mvula yamasiku onse imagwidwa bwinobwino nkulowa pansi. Ikachuluka, madzi amadumpha ngonyekayo nkumayenda cham'mbali pang'onopang'ono, kutsata mzere, osaudula. Komanso zisamaikidwe moyang'anizana kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, zizisemphana.

Koma choyamba nkubwezeretsa akalozera, kudzala udzu wa vetiva pa kalozera aliyense, nkuwongola mizere yonse kuti iziwatsata. Ndipo kwerani kumtunda kwa mundawo mukaone madzi akuchokera kuti. Nthawi zambiri amene amaononga si amene agwa m'munda, ndi ochokera kuphiri kopanda mitengo kapena m'njira ya anthu. Amenewo amafuna ngalande kapena swale, dzenje lalitali logwira madzi, pamwamba pa munda, ngonyeka singawathe.

Nachisale, Chigumula

aPhiri zimenezo nzoona, koma tisanamize alimi kuti mizere yabwino ikanalimbana ndi Freddy. Tonse tinaona zimene zinachitika ku Chilobwe ndi ku Manja, phiri la Soche litagumuka. Mvula ya masiku angapo osalekeza ngati ija palibe kalozera angaigwire yonse. Mukawalonjeza zimenezo, ikadzabweranso simudzapondanso m'mudzimo.

Komanso dothi limasiyana. Kuno kumtunda mvula njambiri, kuli chiperoni, ndipo kumadambo kuli makande. Pa makande ine sindilola ngonyeka kapena mayenje obzalamo mbewu. Madzi akaima masiku awiri chimanga chimasanduka chachikasu, mizu yalephera kupuma, feteleza wapita. Pa katondo wa kumtunda ndi pa mchenga, pamenepo inde.

aPhiri, Kunthembwe

Sindikutsutsa mayi. Munda wokonzedwa bwino nawo unaonongeka, koma dothi linatsala. Kutaya mbewu ya chaka chimodzi nkosiyana ndi kutaya munda.

aGondwe, opuma pantchito

Ana anga, ndiloleni ndiponyepo. Mayi anafunsa ujayu wafunsa bwino, ndipo wolakwa ndi kaphunzitsidwe kathu. Timaphunzitsa ngonyeka ngati chinthu chomanga mu Okutobala nkuchiiwala mpaka kukolola. Ngonyeka ndi chitseko, chimatsekedwa nkutsekulidwa. Khasu limodzi lokha, yatseguka.

Onani nthawi imene anamondwe akhala akutipeza kum'mwera kuno. Chigumula cha Idai chinali mu Malichi 2019. Namondwe wa Ana anabwera kumapeto kwa Januwale 2022, uja anaononga ku Kapichira magetsi nkuzima. Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu Malichi 2023. Mwa anayiwa palibe ndi mmodzi yemwe anabwera mu Novembala kapena Disembala, pamene mbewu ili yanthete ndipo ikusowa dontho lililonse. Ndiye kuyambira pobzala mpaka chimanga chitamasula nkubereka, mizere ikhale yotseka. Chikakhwima, chinyezi chambiri sichikufunikanso, mlimi akhoza kutsekula ngonyeka zina, makamaka m'munsi mwa munda. Pakatipo, a zanyengo akachenjeza za namondwe, atsekule msanga. Anamondwe sabwera mwakabisira, amayambira kunyanja ya Indian Ocean ndipo wailesi imalengeza masiku angapo asanafike. Likulu la nthambi ya zanyengo lili mu Blantyre momwe muno, sitingamanene kuti uthenga uli kutali.

Che Mbwana, Lirangwe

Madala, pakamwa nzophweka. Mu Febuluwale ndi Malichi anthu ali ku ganyu, m'nyumba mulibe ufa. Gogo wa ekala imodzi adzatsekula ngonyeka zonsezo ndi mphamvu ziti? Ena minda ili kutali ndi kwawo.

aGondwe, opuma pantchito

Nchifukwa chake za aPhiri zija zikhale poyamba. Ngonyeka yofupika imadzitsekula yokha madzi akachuluka, gogoyo ngakhale asapite. Kutsekula ndi khasu nkongothandizira, ndipo si zonse ayi, ndi za pamalo pamene mwini munda akudziwa kuti madzi amaima. Munda wake amaudziwa kuposa ife.

Mwale, Chileka

Ine ndikuona ngati tikulimbana ndi mizere pamene vuto lina ndi mbewu. Alimi ambiri akufunabe chimanga chochedwa kucha chifukwa cha zitsononkho zikuluzikulu, pamene mvula yake siikufikanso kumapeto. Kuno tikulimbikitsa zocha msanga monga Kanyani, SC 403 uja, kapena ZM 309 kwa amene akufuna yosunga okha. Chocha msanga chikabzalidwa ndi mvula yeniyeni yoyamba chimakhala chitabereka ng'amba ya mu Febuluwale isanalimbe, ndipo pofika Malichi chimakhala chakhwima.

Ndati mvula yeniyeni. Chizimalupsa chikungopusitsa anthu chaka ndi chaka. Kagwa kamodzi, fumbi lazima, onse thamangu kukabzala, kenako dzuwa milungu iwiri, mbewu yapsera pansi. Kupakiza ndi mbewu yogula pamtengo wa lerowu si masewera. Ndimawauza kuti akumbe pamzere, alowetse dzanja. Chinyezi chikapanda kupitirira chikhatho, adikire.

Nachisale, Chigumula

Achimwene aMwale, chocha msanga chilinso ndi msampha wake. Chikakhwima mvula ikadali mkati chimaola pa phesi. Muziwauza apinde zitsononkho ziyang'ane pansi kuti madzi asalowe kunsonga, ndipo asachedwe kukolola. Anankafumbwe nawo amachikonda, ndiye nkhani ya matumba a PICS, osalowa mpweya aja osungiramo zokolola, isasiyane ndi mbewuyo.

Mayi Nangozo, kalabu yanuyo isaike munda wonse pa chimanga. Nandolo kuno kum'mwera sitichita kuphunzitsa munthu, mizu yake imapita pansi ndipo mu 2024 ndi amene anatsala wobiriwira m'minda yambiri. Kumunsi konyowa aikeko mbatata ya kholowa, yofiira mkati ija, Kadyaubwerere kapena Chipika, yomwe akhoza kubzala ngakhale mu Febuluwale chimanga chikakanika. Vuto limakhala mbewu, pofika nthawiyo aliyense akuifuna. Kalabu ikhale ndi nazale yake kudimba kuyambira pano.

Mwale, Chileka

Nanga kuphimbira? Palibe waitchula.

Che Mbwana, Lirangwe

Mapesi ake ati? Mbuzi zadya, otsala anyamata osaka mbewa atentha. Mukaphimbira kuno popanda mfumu kukhazikitsa lamulo la ziweto ndi moto, mwangotaya thukuta. Kumene mafumu analimba mtima zikuyenda, ndipo chinyezi chimakhaladi, ukavundukula mapesi masana dothi lili lozizira. Koma alimi amadandaulanso chiswe.

aPhiri, Kunthembwe

Chiswe chikapeza mapesi ouma pansi chimatanganidwa nawo. Chimagwetsa kwambiri chimanga pamunda wosesedwa mbee nthawi ya ng'amba. Koma tisamwaze nkhani, mayi akufuna chokanena kwa anthu.

Mayi Nangozo, musakakangane nawo pamsonkhano. Pemphani munda wa mayi anafunsa uja, ngati alola. Ugaweni pawiri motsata kutsetsereka, kuti mbali zonse zilandire madzi ofanana. Mbali ina alime mmene akufunira. Inayo muike akalozera, vetiva, mizere yotalikirana masentimita 75, phando lililonse mbewu imodzi pa masentimita 25, ngonyeka zofupika zosemphana. Mbewu imodzimodzi, tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana, kuti asadzanene kuti mbali yanu munaikondera. Ndipo mvula yamphamvu ikagwa, musadikire tsiku lachionetsero. Aitaneni mmawa wake womwewo, matope ali chomwecho, adzaone okha kumene madzi aima ndi kumene adutsa ndi dothi.

aGondwe, opuma pantchito

Feteleza wobereketsa asathire yense nthawi imodzi ngati kumwamba sikukudalirika. Agawe pawiri. Yureya wothira pouma amangouluka, wothira chimvula chili pafupi amakokoloka. Ndipo manyowa asasowe, dothi la manyowa limamwa madzi msanga nkuwasunga nthawi yaitali, zimene zikuthandiza mbali zonse ziwiri za funso la mayi uja.

Nangozo, Lunzu

Zikomo akuluakulu. Mayiyo ndamuimbira, walola, koma akuti mbali yangayo ikakokoloka ndidzamubwezera chimanga. Ndavomera theka. Chigwembe chakale chija tiyamba kuchitchinga ndi miyala ndi zikhomo sabata ino, kumtunda kwake tikumba swale. Chimene ndilibe ndi levulo yoyezera akalozera, yathu inathyoka. Vetiva nayenso kuno ngosowa.

aPhiri, Kunthembwe

Levulo musadikire ya ku ofesi, pangani A-frame, choyezera chooneka ngati chilembo cha A. Mitengo itatu, chingwe ndi mwala, alimi omwewo akhoma. Vetiva ndili naye pa nazale, tumizani njinga Lachinayi. Koma musamudzale pouma, muikeni pamthunzi muzithirira mpaka mvula itakhazikika.

Che Mbwana, Lirangwe

Wanjingayo adzere kuno pobwerera, inenso ndikufunako mitolo iwiri.