Mliri unatibwezera bambo pakhomo, tsopano akufuna kubwerera ku Joni: ndithandizeni maganizo

Membala wobisa dzina:

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndapempha oyang'anira gulu kuti abise dzina langa chifukwa nkhaniyi ikukhudza banja, ndipo sindikufuna kuchititsa manyazi amuna anga. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala m'dera la Ngabu ku Chikwawa. Bambo a ana anga akufuna kubwerera ku South Africa kukagwira ntchito, koma ine mtima ukukana, choncho ndikupempha amene anakumanapo ndi zotere kuti andiunikire.

Bambowa anakhala ku Johannesburg zaka zambiri akusamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu. Ndalama ankatumiza, sindinganame, ndipo malata a nyumba yathu anachokera kumeneko. Koma ana ankawaona ngati mlendo wa pa Khirisimasi, amene amamugwadira popereka moni kenako n'kuthawira kuseri kwa nyumba. Dziko la South Africa litatseka zonse kumapeto kwa Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ntchito inatha, ndalama ya lendi inasowa, ndipo patapita miyezi ingapo anabwera pa mabasi aja ankalowera pa chipata cha Mwanza. Anafika chimanjamanja, ine n'kulira poganiza kuti njala yatipeza.

Nthawi imeneyo sukulu zinali zitatsekedwa kuyambira pa 23 Malichi, ana ali pakhomo tsiku lonse. Popeza kunalibe kwina kopita, bambowa anayamba kulawirira kudimba lathu la m'mbali mwa Shire limodzi ndi mwana wathu wamwamuna, amene anali mu Sitandade 4. Mwanayu ali ndi chibwibwi, ndipo kale akamva mawu a bambo ake pafoni ankangoti zii. Kudimbako, pobzala chimanga ndi kupanga mizere ya mbatata, bambo ake anazolowera kumudikira mpaka amalize mawu, osamuthandizira kapena kumukalipira. Ndi komweko anazindikira kuti mwanayo sankatha kuwerenga bwino, ndiye dzuwa likafika pamutu ankakhala naye pansi pa mtengo wa nimu, kulemba zilembo padothi ndi kamtengo, kufufuta ndi phazi, kulembanso. Tsiku lina ndikusinja mapira ndinamva phokoso kunjira, ndikaona ndi awiriwo ali pa njinga, thumba la mbatata kumbuyo, mwana akufotokoza nkhani mokweza, bambo ake akuseka. Ndinaika munsi pansi n'kumangowayang'ana, chifukwa chibadwire ndinali ndisanamumvepo akulankhula choncho.

Mwana wathu wamkazi anali mu Sitandade 8. Amene muli kuchigwa kuno mukudziwa kuti miyezi ija atsikana ambiri anatenga pakati kapena kukwatiwa, ndipo ena mwa anzake sanabwererenso m'kalasi. Bambo ake ankakhala naye pa wailesi nthawi ya maphunziro aja ankaulutsidwa, ngakhale iwo sanapite patali ndi sukulu, ndipo anyamata amene ankazungulira pakhomo anasiya okha. A Sitandade 8 atatsegulira pa 7 Seputembala 2020 anabwerera, analemba mayeso, ndipo lero ali ku sekondale. Madzulo a mu Okutobala, kutentha kukatitulutsa m'nyumba, tinkayala mkeka panja, kudya nsima ya mapira ndi mlamba tonse pamodzi, apongozi akusimba nthano za Chisena zimene ngakhale ine ndinali ndisanazimve.

Sindikulemba izi moiwala maliro. Mu Januwale 2021 matendawa anatenga anthu ambiri, kuphatikizapo nduna Sidik Mia wa kwathu konkuno, ndipo mabanja ena mpaka lero akulira. Ndikungonena zoona kuti pakhomo pathu, mkati mwa mantha onse aja, ana anga anapeza bambo.

Vuto ndi lakuti namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anakwirira gawo lalikulu la dimba lathu ndi mchenga, ndipo thonje silikutipatsa ndalama yokwanira fizi. Mnzawo wawaimbira kuti ntchito ilipo. Iwo akuti mwamuna sangamayang'ane mwana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo ine sindingawatsutse pamenepo. Koma mnyamata uja wangofika pa msinkhu wovuta, ndipo chimvereni nkhaniyi wayambanso kukhala chete. Kodi ndikudzikonda ndikawaletsa? Kodi alipo amene anakwanitsa kusunga mgwirizano wotere bambo ali kutali? Nanga ndiyambe bwanji kulankhula nawo kuti asaone ngati ndikupeputsa khama lawo?

Bambo wa ku Bangula:

Mayi, ine ndinakhalako ku Joni ndipo ndikuyankhani ngati mwamuna. Amuna anu sakuthawa banja, akuthawa manyazi a kusowa, ndipo mukayamba ndi mawu oti musapite adzamva ngati simukuona katundu amene wawalemera. Yambani ndi kuwathokoza, muwauze zimene mwatiuza pano za mwana ndi njinga ija, chifukwa n'kutheka kuti iwo sakudziwa kukula kwa zimene anachita. Kenako muwafunse za mapepala. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 okha popanda chilolezo china, ndipo akapitirira amakhala mozemba, sangabwere kunyumba momasuka ngakhale pa maliro. Ngati ntchitoyo ilibe chilolezo, dziwani kuti mawu oti ndibwera posachedwa adzasanduka zaka.

Mayi wa ku Nsanje:

Achemwali, simukudzikonda, koma chikondi chokha sichilipira fizi, ndiye musapite kwa iwo ndi misozi yokha. Khalani pansi awiri, mulembe fizi ya chaka, chakudya ndi mbewu, kuti muone kuti mpata weniweni ndi wochuluka bwanji. Ife titatero tinapeza kuti ngongole ya ku banki m'khonde, mbuzi zingapo ndi kabaza zikanatha kutseka mbali yaikulu. Amuna anga anapezanso ntchito ya m'nyengo yodula nzimbe ku Nchalo. Ndi ntchito yowawa ndipo ndalama yake siifanana ndi ya kunja, koma Loweruka amagona pakhomo.

Mphunzitsi wopuma ntchito wa ku East Bank:

Mwana wanga, ndikuwonjezerapo za mnyamatayo, chifukwa ndi amene ndikumudera nkhawa. Mwana wachibwibwi akapeza munthu womumvetsera modekha amamudalira kwambiri, ndipo kuchoka mwadzidzidzi kwa munthuyo amakutenga ngati kukanidwa. Kaya bambo apita kaya atsala, mwanayo asamve nkhaniyi kudzera m'manong'onong'o. Bambo ake amutengere kudimba komwe kuja, amufotokozere chifukwa chake, ndipo amulole kuyankha mpaka amalize. Ngati ulendo ungalephereke kuuletsa, pangano likhale ndi tsiku lobwerera ndi cholinga chodziwika, monga kumaliza fizi ya mtsikanayo, ndipo ankhoswe a mbali zonse akhalepo kuti lisakhale la pakamwa chabe.

Mayi wa ku Dyeratu:

Ine ndisiyana pang'ono ndi anzangawa. Amuna anga ali kunja, ndipo timalankhulana pa WhatsApp madzulo alionse, ana amawaonetsa makope awo pa vidiyo. Zimathandiza, koma musanamizidwe kuti n'chimodzimodzi ndi kukhala nawo, pakuti mwana akayamba kuchedwa kubwera kunyumba, amene amamudikira pakhomo ndi ine ndekha. Ngati pali njira iliyonse yoti apeze ntchito kuno, ngakhale ku Blantyre komwe angabwere pa minibasi mwezi ukatha, sankhani imeneyo.

Membala wobisa dzina:

Zikomo nonse, makamaka inu bambo a ku Bangula, chifukwa za chilolezozo sindinawafunsepo, ndipo ndiyambira pamenepo ndikatha kuwathokoza. Mawa tikhala pansi ndi kope kuti tiwerengere fizi monga mwanenera mayi a ku Nsanje. Ndikupemphanso amene akudziwa nthawi imene amalemba anthu ntchito ya nzimbe ku Nchalo ndiponso mapepala amene amafunika, andilembere pansipa kuti ndikawauze tisanaitane ankhoswe.