Gulu la banja: ulendo wa atsibweni ku Lilongwe

Achimwene aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Lachinayi atsibweni akamva zotsatira za kanyama kaja anawadula m'chikhodzodzo ku Central. Tikonze za ulendo ndi wowadikirira.

Mlongo wa ku Joni: Ine usiku sindinagone, ndimangowerenga pa intaneti. Akuti pali androgen receptor, imaonetsa ngati khansa ithamange kapena ayi. Akawayeze imeneyo, ndalama nditumiza.

Nabanda (nesi): Mlongo, dekhani kaye. Imeneyo ili ngati kakhomo m'maselo komwe mahomoni achimuna, testosterone uja, amagogoda. Ofufuza anaikayikira chifukwa khansa ya chikhodzodzo imagwira amuna katatu kapena kanayi kuposa akazi. Koma zomwe apeza zikutsutsana. Ena akuti chotupa chokhala nayo chimafatsa, ena akuti palibe kusiyana. Kumene nkhani ya mahomoniwa inakhazikika ndi ku khansa ya prostate. Pano dokotala sangasinthe chithandizo chifukwa cha iyo.

Mlongo wa ku Joni: Ndiye tikafunse chani?

Nabanda (nesi): Ngati yalowa mumnofu wa chikhodzodzo kapena idakali pamwamba. Komanso mtundu wake. Kafukufuku mwawerengayo wambiri ndi wa urothelial, yoyambira m'maselo okuta mkati mwa chikhodzodzo, pomwe kuno timaona kwambiri squamous, yobwera ndi likodzo lokhalitsa.

Azakhali: Likodzo? Abale inu! Paja munthuyu wakulira mu Bua ndi mbedza. Nthawi yathu mnyamata akakodza magazi tinkati wakula. Chingambwe nachonso salekana nacho, dzulo ndachipeza m'thumba la jekete.

Nabanda (nesi): Chimenecho mubise, azakhali, fodya amaiputanso khansa imeneyi. Ndipo a zaumoyo akabwera ndi praziquantel, mankhwala a likodzo aja, kusukulu, ana asathawire kudimba.

Achimwene aakulu: Tibwerere ku ulendo. Minibasi yoyamba pa Kasungu boma, 5 koloko tikhale tili pa depoti. Ine ndiwaperekeza. Akawagoneka atsala nawo ndani?

Make Tadala: Ine sabata yoyamba, alamu. Koma wina andionere mbuzi, ndipo ufa, nyemba ndi makala musandisiyire ndekha ngati ulendo watha uja.

Azakhali: Ufa ndikagayitsa mawa. Mbuzi zibwere kuno.

Mlongo wa ku Joni: Chabwino, ya kuyeza ija ipite ku ulendo. Nditumiza kwa achimwene pa Airtel Money.

Nabanda (nesi): Buku lawo la kuchipatala musaiwale. Mukatuluka kwa dokotala mundijambulire pepala la zotsatira, tsamba lonse, osati theka.