Modelo ya wophunzira ikupereka 98%, koma kumunda ikulephera

A Gondwe: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Wophunzira wa chaka chachinayi wapanga modelo, pulogalamu ya pakompyuta yophunzira kuchokera ku zithunzi, yozindikira masamba a chimanga odyedwa ndi ntchemberezandonda. Zithunzi zilipo 600, anazijambula pafoni m'minda itatu ya ku Ekwendeni. Accuracy, kutanthauza kuchuluka kwa mayankho olondola, ndi 98%, koma mukaipatsa tsamba latsopano imangoponya paliponse. Lipoti likufunika pakatha milungu itatu.

Mayi Mhango: A Gondwe, data anaigawa nthawi yanji? Ngati anayamba ndi augmentation, kutembenuza ndi kuzunguliza zithunzi kuti zichuluke, kenako n'kugawa 80/20, ndiye kuti tsamba lomwelo lili ku train (zithunzi zophunzitsira modelo) komanso ku test (zithunzi zoiyesera). Modeloyo yangoloweza, ngati mwana amene anaona mafunso mayeso asanafike.

A Gondwe: Ndatsegula notebook yake, fayilo ya code yake, ndi momwemo. Ndiponso tsamba limodzi ankalijambula katatu kapena kanayi.

Mayi Mhango: Basi, vuto ndi limenelo. Aonjezere column ya munda pa chithunzi chilichonse, agwiritse ntchito LeaveOneGroupOut, njira yogawira data ya mu pulogalamu ya scikit-learn: minda iwiri yophunzitsira, wachitatu woyesera, n'kusinthana katatu. Augmentation ichitike ku train kokha, atagawa kale. Mean ndi standard deviation za normalisation, manambala oikira zithunzi pa muyezo umodzi, aziwerengerenso ku train kokha.

A Chirwa: Kumbali ya masamu, accuracy payokha siyokwanira. Ngati masamba 480 mwa 600 ndi abwino, modelo yongonena kuti "labwino" nthawi zonse ipeza 80% osaphunzira kanthu. Ayambe walemba baseline imeneyo, poyambira kuyerekeza, kenako confusion matrix (tebulo loonetsa pamene modelo yalondola ndi pamene yalakwitsa) ndi recall ya masamba odyedwa (angati mwa odyedwawo yawazindikira), chifukwa amene mlimi akufuna ndi amenewo.

Asaiwalenso confidence interval, malire amene accuracy yeniyeni ingakhale pakati pake. Tinene kuti wapeza 85% pa zithunzi 120: √(0.85 × 0.15 ÷ 120) ndi pafupifupi 0.033, kuchulukitsa ndi 1.96 zikupereka 0.064. Alembe kuti pakati pa 79% ndi 91%. Ndipo zithunzi za tsamba limodzi sizoima pazokha, aziwerenge ngati chimodzi, apo ayi malirewo aoneka opapatiza monyenga.

A Nyirenda: Onaninso kumbuyo kwa zithunzizo. Ngati odyedwa anawajambula atawathyola n'kuwaika pa thumba, abwino ali pa phesi, modelo ikuzindikira thumbalo. Njira yotchedwa Grad-CAM iwonetsa pamene modelo ikuyang'ana pa chithunzi. Kafukufuku wa 2016 wa zithunzi za masamba a mbewu za PlantVillage anapeza accuracy yoposa 99%, koma atayesa pa zithunzi zojambulidwa kwina zinatsikira ku 31%.

Mayi Mhango: Chonde a Gondwe, musamukonzere code. Mufunseni yekha kuti chithunzi chakuti chili mbali iti, adzionere. M'lipoti aike manambala onse awiri, 98% ija ndi yatsopanoyo, afotokoze chimene chawasiyanitsa. Oyesa adzamufunsa zomwezo.

A Gondwe: Zikomo nonse. Ndikumana naye Lolemba. Milungu itatu ikwana kuphunzitsanso modelo katatu pa Colab, makompyuta a Google a pa intaneti?

A Nyirenda: Ikwana. Modelo ya MobileNetV2 ya transfer learning (kuyambira pa modelo yophunzitsidwa kale) pa zithunzi 400 za minda iwiri sitenga ola pa GPU, chipangizo chofulumizitsa kuwerengera. Azisunga checkpoint, pamene modelo yafika, ku Google Drive pakutha pa epoch iliyonse (ulendo umodzi wodutsa zithunzi zonse), kuti intaneti ikaduka asayambirenso pachiyambi.