Kodi asilikali a m'thupi angaononge impso za munthu wa BP?

Membala wosatchula dzina:
Abale anga a kuno ku Johannesburg, ndigaireni nzeru. Mayi anga aang'ono ali ndi BP, amamwa amlodipine ndi enalapril. Ku kiliniki awayeza mkodzo, akuti muli puloteni, impso zayamba kufooka. Anzawo a kutchalitchi akuwauza kuti agule ma immune booster a m'mabotolo aja amagulitsa pa renki, eti asilikali a m'thupi achuluke. Koma mwana wa mayiwo akuti anawerenga kuti asilikali omwewo ndi amene amaononga impso za munthu wa BP. Zoona ndi ziti? Botolo lake si lotchipa.

Mayi wa ku Rosettenville:
Asagule. Botolo lopanda ndi pepala lomwe lonena zimene athiramo, impso zodwala kale?

Namwino:
Mwanayo sananame. BP ikakhalitsa ili pamwamba pa 140/90, makoma a mitsempha amavulala pang'onopang'ono. Asilikali, makamaka ma T cell ndi ma macrophage, amathamangira pamenepo n'kukhazikika m'mitsempha ndi mu impso. Amatulutsa timadzi totupitsa, mitsempha imauma, impso zimayamba kusunga mchere ndi madzi, BP n'kukweranso. Mu 2007 ofufuza a ku Emory University ku America anaona kuti mbewa zopanda ma T cell ndi ma B cell (mtundu winanso wa asilikali), BP yake sinkakwera kwambiri ngakhale atazipatsa angiotensin II, imene imakweza BP. Ndiye nkhani si kuchuluka kwa asilikali ayi, koma zimene akuchita mu impsomo. Chithandizo ndi kutsitsa BP basi. Mayi asalumphitse mankhwala, enalapril amatetezanso impso. Apemphe kuti awayeze creatinine m'magazi, imene imaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ndipo mankhwala opha ululu a brufen ndi diclofenac azitaye kutali, amatha kuononga impso.

Mnyamata wa ku Yeoville:
Mbewa zimenezo zikanakhala kwathu ku Dedza, kafukufuku sakanatha, anamwino.

Bambo wina:
Onjezani za mchere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati tisafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi. Boma la kuno linachepetsa mchere mu buledi kuyambira 2016, koma ife timabwezera tokha: timakyubu ta supu mu ndiwo, poloni m'mawa, atchar pambali, kenako wina akuti patseni mchere asanalawe n'komwe.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse, ndiwaimbira akaweruka. Koma anamwino, nanga usipa wouma umene amatitumizira pa basi uja? Chifukwa pamenepo pokha mayi sangandimvere.