Bwanji chinjoka cha m'madzi chikupezeka m'nthano za mitundu yambiri chonchi?

Nachisale_PE

Abale ndili ndi funso landizunguza mutu kwa nthawi ndithu. Ife kwathu ku Phalombe takula tikumva za Napolo, chinjoka chachikulu chokhala kunsi kwa phiri, nde chikati chisamuke chimang'amba phirilo madzi ndi chimiyala nkutsika kukokolola nyumba, minda, anthu omwe. Zija za mu March 1991 kuchokera m'phiri la Michesi akuluakulu mpaka lero amangoti Napolo anadutsa. Ku Zomba mu December 1946 chimodzimodzi. Pano ndikumva kuti ku Zambezi kuli chawo, ku Japan chawo, azungu aku Scotland nawonso chawo. Kodi anthuwa anachita kuuzana kapena aliyense anaona yekha? Mwayenda ndi mwawerenganu tandithandizani, ana anga akumandifunsa ndipo sindikufuna kungowauza kuti ndi zabodza basi.

Mlamu_wa_ku_Siavonga

Achemwali, cha ku Zambezi ndi Nyaminyami, wa a Tonga. Mutu wa nsomba thupi la njoka. Mukafika ku Kariba mupeza osema akugulitsa ndodo zoyendera zamutu wake, ena amavala mkhosi kachifaniziro kake akamakwera boti. Nkhani yake ndi yowawa mukaimvetsetsa. Damu la Kariba anayamba kumanga mu 1955 nkumaliza 1959, ndipo a Tonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'mbali mwa mtsinje, kusiya minda yachonde ndi manda a makolo awo kuti zimire. Akuluakulu awo anali atanena kuti mwini mtsinje salola. Nde mu 1957 kunabwera madzi oopsa nkuwononga ntchito, 1958 anabweranso oposa oyamba aja, tangoganizani anthu anamva bwanji mumtima. Mpaka pano amati khoma lija linamusiyanitsa ndi mkazi wake, wina kumtunda wina kumunsi, ndipo nthaka ikagwedezeka kumeneko amati ndi iyeyo akufuna njira. Kugwedezekako nkoona, a sayansi amati nyanja yopanga ija madzi ake ndi olemera kwambiri moti amapanikiza miyala ya pansi. Ine ndikamamva nthano imeneyi ndimamva kulira kwa anthu amene analandidwa malo popanda wowafunsa.

Aphunzitsi_Geo

Sanauzane mayi. Onani kuti chilombo chilichonse chikufanana ndi tsoka la dera lakelo. Ku Japan vuto lawo ndi zivomezi, nde chawo si njoka koma mlamba wamkulu, amati Namazu, uli pansi pa dziko ndipo mulungu wawo wina Kashima anaupsinja ndi mwala. Akangotayirira pang'ono mlamba uja umaphiriphitha dziko nkugwedezeka. Chivomezi chitagwetsa mzinda wa Edo mu 1855, womwe pano ndi Tokyo, anthu anajambula zithunzi zambirimbiri za mlambawu, zina akuumenya, zina amisiri omanga nyumba akuuthokoza poti wawapezetsa ntchito.

Ku China dragon wawo ndi wa mvula ndi mitsinje, chilala chikavuta ankapita kukachisi kukamupempha. Apa mpomwe ife tikufanana nawo kwambiri, paja kwathu kunonso njoka sinali yoopsa yokha. Ku Msinja, kukachisi wa mvula kwa Makewana, kunali njoka yotchedwa Thunga, ku Khulubvi ku Nsanje Mbona amati amabwera ngati nsato, zonsezo nza mvula. Koma dragon waku Ulaya ndi wina, wolavula moto, wosunga chuma, ntchito ya ngwazi nkumupha. Bwanji njoka nthawi zambiri? Ine ndimati kwerani pamwamba muyang'ane mmene Shire amakhotera, kapena chipsera chimene madzi amasiya paphiri akagumula, chofiira chokhotakhota kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munthu woona zimenezo m'mawa mwake anena kuti padutsa chani?

Kabaza_Jozi

Kuno ku Joni a Zulu ali ndi Inkanyamba, amati imakhala pa mathithi a Howick ku KwaZulu-Natal, chinjoka chamutu ngati wa hatchi, ikauluka kusaka inzake nde mphepo yosasula madenga ija. Koma chomwe anthu amaopa tsiku ndi tsiku ndi tokoloshe, kakafupi, kotumidwa ndi mfiti usiku. Landilodi wanga woyamba bedi lake linali pa njerwa zitatuzitatu mwendo uliwonse kuti kasamufikire, munthu wopemphera bwinobwino. Ine sindinamuseke, kwathu tomwe tili ndi zathu.

Mai_a_Tada_Glasgow

Cha ku Scotland musachiike gulu limodzi ndi Napolo chonde. Loch Ness ndinafikako, nyanja yayitali yopyapyala, madzi akuda bii ozizira. Chilombo chake amati Nessie, anatchuka mu 1933 m'manyuzipepala, chithunzi chodziwika chija cha khosi lotuluka m'madzi ndi cha 1934 ndipo mu 1994 zinaululika kuti kanali kachidole koyandama anakamata mutu. Mu 2018 a sayansi anatunga madzi kuyeza DNA ya zamoyo zonse za mmenemo, anapeza mkunga wambiri, cha mtundu wa buluzi wamkulu ayi. Koma maboti amadzazabe ndi alendo, mashopu ali tho ndi zidole. Nessie sanaphe munthu, amadyetsa anthu. Napolo ife tinalira naye maliro, nchifukwa dzinalo sititchula moseka.

Gogo_wa_Chilobwe

Ana anga ndalowa mochedwa koma ndinenepo. Namondwe Freddy atabwera mu March 2023 matope otsika m'phiri la Soche tinawaona ndi maso, phokoso lake linayamba kumveka madzi asanafike, ndipo anthu ambiri anati Napolo. Ine sindikana dzinalo. Chimene chimandiwawa nchoti ena akati Napolo amatanthauza kuti palibe chomwe tikanachita, pomwe makolo ankanena dzina lomwelo pochenjeza kuti apa ndi panjira pake usamangepo, mitengo ya m'phiri usadule. Ife tinadula yonse nkuotcha makala, nyumba nkukwera mpaka pakati pa phiri, m'makhwawa momwe. Mvula ya masiku angapo osakata ikalowa m'dothi lopanda mizu pamalo otsetsereka dothilo limatereka basi, miyala nkutsatira. Nachisale mwana wanga, anawo auzeni zonse ziwiri, nthano ndi za dothizo, ndipo muwatenge mukawaonetse pamene madzi anadutsa 91 kuti adziwe malowo.

Nachisale_PE

Zikomo nonse, agogo ndamva. Malowo ndikuwadziwa, chimiyala china chikadali m'minda mpaka lero anthu amangolima mochizungulira, holide ikubwerayi tipita. Aphunzitsi ngati muli ndi zithunzi za mlamba waku Japan uja tandiponyerani pompano, wamng'onoyo amakonda kujambula.