Ngamila ku Dubai: tinyamule chani, nanga amai angakwere?

Amake Taonga, Chilenje

Muli bwanji nonse amai ndi abambo a pano. Funso langa likupita kwa amene munapitako ku Dubai. Mu December ndikupita kukaoda katundu ku Deira, dera la misika ku Dubai, ndipo ulendo uno ndatenga amai anga ondibereka kuti nawonso akaoneko kunja, tikwera Emirates pa KK Airport. Manje amene watikonzera hotela waikaponso ija amati desert safari, akuti adzatitenga masana kupita ku chipululu, kukwera ngamila pang'ono, kudya chamadzulo n'kubwerako usiku. Amai chimene akondwera nacho maningi ndi ngamilayo, akuti kuyambira ali mtsikana ku Katete amangoimva m'Baibulo ndiye afuna akaione ndi maso awo, akakwereko. Vuto ndi lakuti ali ndi zaka 64, ali ndi shuga ndi BP, bondo lakumanja nalo limawavuta kukazizira. Komanso iwo thalauzi savala, ndi diresi ndi chitenge basi. Ndithandizeni abale, tivale chani, m'chikwama ndiikemo chani, ndipo munthu wa msinkhu umenewu angakwere kapena ndingowaletsa?

Ba Mercy, Kamwala

Amake Taonga choyamba chotsani maganizo oti ndi ulendo wautali. Pa safari zamadzulozi ngamila imangozungulira pafupi ndi kampu, mphindi 5 mwina 10, munthu ali kutsogolo akuikoka ndi chingwe, nthawi zambiri mumakwera awiriawiri. Ndiye chikwama chachikulu siyani ku hotela, pamwamba paja manja onse awiri afunika akhale opanda kanthu kuti mugwire bwino. Tengani kachikwama kazipi kodutsa pachifuwa, muikemo foni, ndalama pang'ono, tishu, mafuta a milomo ndi magalasi a dzuwa. Foni musaiike m'thumba la kumbuyo, ikagwa mumchenga kutada simuiona, ndipo mchenga wake ndi wosalala kwambiri umalowa paliponse mpaka potchajira.

Nkhani yaikulu ndi ya zovala za amai. Pa ngamila mumakhala mwendo wina uku wina uku ndipo nyamayo ndi yotakata pamsana, ndiye chitenge chomanga bwinobwino ngati tikupita ku tchalitchi sichingalole, mwendo sungadutse. Azimai akulu ambiri amene ndawaonapo amavala leggings yakuda mkati, pamwamba diresi yaitali yotaya ija yosathina, ndiye chitenge n'kufunda pamiyendo atakhala kale. Ulemu wonse ulipo, palibe chooneka. Muwagulire kuno ku Kamwala kapena pa salaula ku City Market ayambe kuyesa kunyumba, chifukwa munthu amene sanavalepo ukamupatsa tsiku lomwelo amakana. Ikhale yofika m'mapazi chifukwa zofunda zimene amayala pa ngamila zimakanda, zimanunkhanso nyama.

Chitengecho musasiye, ine ndinganene kuti mutenge ziwiri. Mphepo ikayamba mumaphimba nacho kumutu ndi kukamwa, ndipo December ku Dubai ndi nyengo yozizira, masana kumakoma koma ku chipululu dzuwa likangolowa kumazizira zenizeni, anthu amaganiza kuti Dubai ndi moto chaka chonse koma moto wa madigiri opitirira 40 uja ndi wa June mpaka September. Juzi ya amai ikhalepo ndi masokosi, makamaka ndi bondo limenelo. Nsapato zikhale zotseka zamphira, patapata amavuka uli m'mwamba. Inuyo ngati mwavala wigi mangani duku molimba.

Ba Tembo, Chawama

Ba Mercy anena bwino za zovala koma asiya pamene anthu amagwera. Ngamila mumaikwera itagwada pansi, pamenepo palibe vuto kwenikweni kupatula kukweza mwendo. Koma podzuka imayamba ndi miyendo yakumbuyo, ndiye iwe umakankhidwira kutsogolo mwadzidzidzi, kenako ikadzutsa yakutsogolo umabwerera m'mbuyo. Muwauze amai pasadakhale kuti akangokhala agwire chitsulo chija chili kutsogolo kwa mpando ndi manja awiri, atsamire chagada, manja owongoka, asayang'ane pansi. Potsika ndi chimodzimodzi, imagwada ndi maondo akutsogolo poyamba ndiye umapitanso kutsogolo, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhala atalekerera chitsulo akujambula. Asatsike mpaka mwini ngamila atanena kuti tsikani.

Ikaimirira mumakhala patali, linunda lake limafika mamita 2 kapena pafupi, ngati mwakhala padenga la minibasi. Kuyenda kwake imasuntha miyendo iwiri ya mbali imodzi nthawi imodzi, ndiye mumapendekera kumanzere kumanja, osalimbana nazo, kungolola chiuno chizitsatira. Inu mukhale kumbuyo kwao kuti muziwagwira. Osaima kumbuyo kwa nyamayo kapena pafupi ndi kukamwa, zambiri amazivala tizisoti toluka kukamwa tija chifukwa imatha kuluma.

Koma ine mlongo wanga chimene chikundidetsa nkhawa si ngamila, ndi galimoto. Musanafike pa kampu ma Land Cruiser aja amaphwetsako matayala n'kuyamba kukwera ndi kutsetsereka pa milu ya mchenga, amati dune bashing, imatha kutenga theka la ola, galimoto ikupendekera chammbali anthu akukuwa ena akusanza. Makampani eni ake amalemba kuti amai oyembekezera, a vuto la msana kapena la mtima asachite. Wa BP wa zaka 64 ine sindingamuikemo. Funsani tsopano lino kuti akutengeni molunjika ku kampu, ambiri amalola ukanena msanga.

Ndalama sinthani ma dirham ang'onoang'ono, ndiyo ndalama ya kumeneko, dola imodzi ndi ma dirham 3.67 ndipo sizisinthasintha. Mufunsenso bwino ngati ngamila ili kale mu mtengo umene mwalipira, chifukwa pa kampu pali zina zolipira padera, tinjinga tamoto ta matayala anayi tija, kujambulitsa ndi mbalame pamkono, zithunzi zimene amakujambulani okha. Mtengo muzimvana musanakwere chilichonse, lamulo limeneli ndi lomwelo ngakhale ku Giza ku Egypt kapena pagombe ku Mombasa.

Sisita Phiri, Kabwata

Amake Taonga ine ndine nasi ndiye mundilole ndilankhule za shuga ya amai, chifukwa ndaona onse akukamba za chitenge ndi chitsulo. Pali matenda otchedwa MERS, ndi a mtundu wa corona, anapezeka koyamba mu 2012 ku Saudi Arabia ndipo amachokera ku ngamila za linunda limodzi zomwezi. Si kuti aliyense wokwera ngamila amadwala ayi, anthu ochuluka amakwera n'kubwerera bwinobwino, koma malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amanena momveka kuti anthu a shuga, a impso, a matenda a m'mapapo okhalitsa ndi amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika apewe kukhudzana ndi ngamila, chifukwa iwowa akautenga umawagwetsa kwambiri. Amai anu ali m'gulu limeneli. Akanakhala amai anga ndikanawauza kuti aione chapafupi, ajambulitse ataima chapatali pang'ono, koma zosisita kumaso ndi kupsompsona zija timaona pa Facebook ayi. Mkaka wa ngamila wosaphika asalawe ngakhale wina atanena kuti umachiza shuga. Inu nomwe mukakwera sambani m'manja ndi sopo musanadye, sanitaiza ikhale m'kachikwama. Mukabwerako kuno wina akayamba kutentha thupi ndi chifuwa mkati mwa masabata awiri, pitani ku chipatala ndipo munene kuti munali pafupi ndi ngamila.

Chachiwiri ndi nthawi ya chakudya. Amakutengani cha m'ma 3 masana koma chamadzulo pa kampu chimabwera usiku, ndiye wa shuga amene wamwa mankhwala akhoza kutsika shuga ali pakati pa chipululu. Adye bwino masana musananyamuke, ndipo munyamule maswiti kapena kajusi, mabisiketi, botolo la madzi, kamashini koyezera ndi mankhwala a madzulo. Ngati ali pa jakisoni ya insulin isatsale m'galimoto padzuwa. Kumbukiraninso kuti Dubai ili patsogolo ndi maola awiri, 18 hours ya kuno kumeneko ndi 20 hours, ndiye mufunse adokotala momwe angasinthire nthawi yomwera.

Ndiye za bondo, yang'anani bwino mapilisi amene amamwa. Tramadol ndi aliwonse okhala ndi codeine ku UAE, dziko limene kuli Dubai, ndi oletsedwa kulowa nawo popanda chilolezo cha unduna wa zaumoyo wa kumeneko ndi kalata ya dokotala, anthu amamangidwa pa eyapoti. Mankhwala onse akhale m'mabokosi ake olembedwa, osati kuwakhuthulira mu kapepala kamodzi monga timachitira kunyumba.

Ba Tembo, Chawama

Sisita mwanena zoona koma musawaopseze mpaka agogo alire. Munthu wachoka ku Katete mpaka Dubai ndiye angoyang'ana anzake akukwera? Mphindi 5 atakhala pa chofunda, osagwira kukamwa, n'kusamba m'manja.

Sisita Phiri, Kabwata

Ba Tembo sindikuwaopseza, ndikunena zimene zinalembedwa kwa anthu a shuga ndipo sindingazifewetse chifukwa choti tikiti ndi yodula. Amene ali ndi faelo ya amai ndi amene aweruze, amadziwa shuga yao ili pati ndi impso zao zili bwanji. Apite ku kiliniki mwezi uno asadikire sabata yonyamuka.

Amake Taonga, Chilenje

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Za MERS ndawawerengera amai, akhala chete kenako akuti tikamve kwa adokotala, ndiye Lachinai tikupita ku kiliniki ndi mabokosi onse a mankhwala, a bondo aja ndikaonetsenso. Za galimoto zija ndatumiza kale meseji kuti ife atitenge molunjika ku kampu. Leggings akana koyamba koma mlamu wanga wawauza kuti nayenso amavala mkati mwa chitenge kukazizira ndiye avomera kuyesa. Funso lomaliza ba Mercy, ngamila amakwera nthawi yanji, tikangofika kapena titadya?

Ba Mercy, Kamwala

Mukangofika, musadikire. Mu December dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 17:30 ndipo magalimoto a dune bashing akafika onse pamakhala mzere wautali, agogo sangaime pamenepo ndi bondo lao. Inu popeza mudzafika msanga pitani poyamba ku ngamila kukadali kowala, kaya akwera kaya angoima pambali zithunzi zimatuluka bwino nthawi imeneyo. Mukatero muwapezere malo okhala, makampu ambiri anthu amakhala pansi pa mapilo ndi matebulo aafupi, ndiye pemphani mpando wa pulasitiki kwa anyamata ogwira ntchito pamenepo musanakhale, kudzuka pansi ndi bondo lotupa n'kovuta.